Chifukwa Chake Amanditcha NaParafini

Misozi, pukuta m'maso ubwere ukhale pano. Inunso ana inu senderani kuno, manja akhale m'licheromo, nsawazi sizidziswa zokha. Ndamva zoti anzanu kusukulu akumakuitanani adzukulu a NaParafini, ndipo uyu wabwera akulira ngati amutukwanira amake. Sanakutukwane, mwana iwe. Dzinalo ndi langa, ndinalipeza ndi manja angawa, ndipo ambiri mwa amene analiyambitsa ndawaperekeza kale kumanda ine ndikali kuyenda ndi miyendo yanga. Lero ndikuuzani kumene linachokera, kuti mawa akakuitananinso choncho muziyankha mutadzutsa mutu.

Ambuya anu aamuna ali apo pansi pa mango akusema mpini. Musawayang'ane, akunamizira kuti sakumva. Akumva zonse. Makutu awo amagontha pokhapokha ndikawatuma kuchigayo.

Inu mwakula mukuona nyama itapachikidwa pamsika ku Chadiza, munthu n'kungoloza kuti ndiduleni apa. Ife sitinakule choncho. Nyama ya ng'ombe tinkailawa paukwati, pamaliro a munthu wamkulu, kapena ng'ombe ikafa yokha. Masiku ena onse inali mfutso, chigwada, nyemba, ndipo anyamata akachita mwayi, mbewa. Tsono ng'ombe ikafa m'khola la munthu, sinalinso ya iye yekha. Mbiri inkathamanga mudzi wonse, amuna n'kubwera ndi mipeni ndi nkhwangwa, akazi ndi mabeseni. Aliyense ankapita ndi kanthu, ngakhale nkhalamba yopanda mano inkalandira kachiwindi. Amene atenga nyama ankadziwa kuti mvula ikagwa adzamuthandiza mwini ng'ombeyo kulima, popeza wataya dzanja lake lamanja. Unali mwambo wabwino, sindiunyoza. Unkadyetsa amasiye. Koma pamwambo umenewo, munthu wokwirira nyama m'dothi anzake ali ndi nkhuli ankaonedwa ngati wamisala kapena mfiti.

Atate anga anali wosenda ng'ombe wa mbali yonse ino ya Zemba. Mpeni wawo unali wachitsulo cha sipulingi ya galimoto, ankaunola pamwala uja uli kuseri kwa bafa, umene inu mumachapirapo mapazi. Ankasenda chikopa osachiboola ngakhale pamodzi, ndipo malipiro awo anali khosi la ng'ombe ndi chikopacho. Ankachikhoma pansi ndi zikhomo, chikauma n'kudula zingwe zomangira goli, zina n'kulukira mipando. Masiku ano mumangogula zingwe zapulasitiki zimene zimaduka ng'ombe ikangotsokomola.

Chaka chimene ndinatha msinkhu, m'chilimwe dzuwa likuswa mtengo, ng'ombe ya munthu wina kutsidya kwa dambo inagwa n'kufa isanadwale. Anawaitana atate, ine n'kuwatsatira ndi beseni. Ndinaona ndi maso angawa. Ng'ombeyo inali itatupa msanga, miyendo sinaume monga imachitira nyama yakufa, ndipo magazi ankatuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo. Anali akuda ngati oyilo wa m'chigayo, osagwirana, ankangoyenderera. Atatumbula, kapamba wake anali wamkulu modabwitsa, wofewa, wongophwanyika m'manja. Amuna anaseka, akuti inali yonenepa. Atate anapinda chikopa chachiwisi, n'kuchiponya paphewa, chikukhudza khosi, ulendo wa kunyumba.

Patapita masiku ochepa kanatuluka kachiphuphu koyabwa pansi pa khutu lawo. Kanasanduka thuza, thuzalo n'kuphulika, pakati pake n'kuda bii ngati khala. Ankati sichikupweteka, ndiye sanachisamale. Koma khosi linayamba kutupa, kutupa, mpaka nkhope inasowa, mawu n'kumatuluka ngati akulankhulira m'mtsuko. M'nyumba zina zimene zinadya nyamayo anthu ankasanza ndi kutsegula magazi, mwana mmodzi anapita. Amuna anawanyamula atate pamachira kupita nawo kuchipatala cha mishoni, koma anatsirizika panjira. Amayi anapitirizabe mpaka kuchipatalako, ndipo sisitere wina atamva mmene zinayendera anawauza kuti nthendayo imachokera ku chiweto chofa chokha, imakhala m'magazi, m'nyama ndi m'chikopa momwe. Amayi anabwera nawo mawuwo kumudzi, koma palibe anawatola. Anthu anali atapeza kale nkhalamba yoiloza chala kuti ndiyo inalodza atate. Ine ndinawatola mawuwo, n'kuwasunga.

Mabvuto, nsawa zimenezo ukuswera m'kamwa ndikukuona. Zambewu zimenezo.

Tsono ndinakula, n'kukwatiwa ndi awo ali pansi pa mangowo. Anachokera ku Pembamoyo kudzakhala chikamwini kuno kwathu. Musawaone kupindika msana lero, anali mnyamata wooneka, ndipo ng'oma ankaiimba moti ngakhale wopunduka ankagwedeza mapewa. Ndinawaonera kutchalitchi kwathu kuno pa chikondwerero china, manja akuuluka pang'oma, ine nyimbo n'kundisokonekera m'kamwa. Mkamwini, ana inu, masiku amenewo sankakhala ndi mawu. Munda wa akazi ake, nyumba pamalo a akazi ake, ana a mbumba ya akazi ake. Pamilandu ankakhala kumbuyo. Koma aPhiri, ambuya anuwo, akalowa m'tchalitchi n'kukhalira ng'oma, mudzi wonse unkawamvera iwo. Ng'oma za kwaya ankasema okha, kukunga okha, n'kumata phula pakati kuti mawu azilemera.

Tinalima thonje zaka zingapo, kugona ndi msana wowawa, mpaka tinagula ng'ombe ziwiri zolimira, Sajeni ndi Bulaki. Sajeni anali wofiira, wa nyanga zotambasuka, wofatsa moti amayi anu Felisita, akali kamtsikana, ankamugwira khutu n'kumamutsogolera. Ndi ngolo yathu tinkapita ku boma kukagulitsa thonje, kunyamuka kukali chisisira cha m'mawa, kukafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'mano. Inu mumadandaula minibasi ikachedwa pang'ono. Pobwerera tinkagula mchere, sopo ndi chigubu cha parafini woti atifikitse dzinja lonse, chifukwa nyale zathu zinali koloboyi, kabotolo ka chingwe kofuka utsi, osati zadzuwa zanuzi zimene mumangodina.

Chaka china ng'oma yaikulu ya kutchalitchi inang'ambika. Mbuzi chikopa chake n'chochepa pa ng'oma imeneyo, inkafuna cha ng'ombe. Ambuya anu, pokhala munthu wokonda kulonjeza pagulu, anaimirira pambuyo pa mapemphero n'kunena kuti Sajeni akadzakalamba, chikopa chake n'cha Mulungu, adzakungira ng'omayo ndi manja awo. Anthu anaomba m'manja, azimayi n'kululutira. Anabwera kunyumba akuyenda ngati agula galimoto.

Sajeni sanadikire ukalamba. Kunali kotentha, mitambo itayamba kusonkhana koma mvula isanagwe, nthawi imene ng'ombe zimadya msipu mpaka kunyambita dothi kudambo. Dzulo lake anakoka ngolo ya manyowa bwinobwino. M'mawa ambuya anu analawirira kudimba, ine n'kupita kukatsekula khola. Ndinapeza Bulaki ataima pakona, Sajeni ali gone chammbali, mimba ili tuu. Ndinayandikira. M'mphuno ndi kumbuyo munkatuluka magazi akuda aja, osagwirana, ntchentche zili ng'waa. Zaka zonse zija zinali zitapita, koma ndinaona atate atayima pomwepo ndi chikopa paphewa.

Ndinatulutsa Bulaki n'kukamumanga patali pansi pa mtengo, Felisita n'kumuuza kuti akangoponda m'kholamo ndimuthyola miyendo. Koma mwana ndi mwana, analira mokweza kuti Sajeni wafa, ndipo ndisanaganize chochita, anthu anali atayamba kufika. Chaka chimenecho ndiwo zinali zovuta. Ndinaona amuna akunola mipeni pamiyala, akazi ndi mabeseni, ana ndi timbale. Nkhope zawo zinali zachisoni monga mwa mwambo, koma m'maso munali chimwemwe. Sindiwanena, njala ya nyama ndimaidziwa.

Patsogolo panali amalume aZakaliya, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, munthu amene mawu ake sankabwezedwa. Anandipepesa bwinobwino, n'kuuza anyamata kuti alowe aikokere panja. Ine ndinaima pachipata cha khola. Ndinawauza kuti ng'ombe iyi sisendedwa, sidyedwa, ndipo palibe aikhudze. Anayamba aseka, akuyesa chisoni chandizunguza mutu. Nditabwereza, nkhope yawo inasintha.

"Iwe Jesinta, choka pamenepo," anatero. "Ana awa chaka chino sanalawe nyama."

"Amalume, munanyamula nawo machira a atate. Magazi awa simukuwakumbuka?"

"Atate ako anachita kulodzedwa. Choka."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati yalumidwa ndi njoka, wina anati yadya therere lakupha kudambo, wina anati nyama ikaphikidwa bwino ndi mchere palibe nthenda imatsala. Mayi wina, amene ndinkatunga naye madzi tsiku ndi tsiku, ananena mokweza kuti ndikufuna anthu achoke kuti ndiyanike ndekha mitanda ya nyama kuseri. Amenewo ndiwo anandipsetsa mtima. Ndinaona kuti pakamwa pokha sindiwatha, anali ambiri, ndipo anyamata anali atayamba kale kukwera mpanda kumbuyo kwanga.

Ndinathamangira m'nyumba. Iwo anayesa ndagonja, ndikukalira. Ndinatuluka ndi chigubu chija cha parafini, chodzaza, choti chitiunikire mpaka kukolola. Ndinalowa m'khola, n'kuima patali pang'ono kuti ndisaponde magazi, n'kuyamba kukhuthula. Pamutu, pamsana, pamimba, pantchafu pamene onse ankaloza maso. Ndinakhuthula yense mpaka dontho lomaliza, chigubu n'kuponya pomwepo.

Fungo linafika kwa aliyense. Nyama yothiridwa parafini, ana inu, ngakhale galu amaitembenukira msana. Mayi uja anaponya beseni lake pansi n'kuyamba kunditukwana, mawu amene sindingawabwereze pamaso panu. Amalume anangondiyang'ana, n'kunena kuti m'mbumba mwawo simunabadwepo munthu woipa mtima chotere.

Zonsezo sizinandilase. Chimene chinandilasa chinabwera pambuyo. Ambuya anu anafika kuchokera kudimba, matope ali m'miyendo, akatekisiti ali pambuyo pawo. Anamuyang'ana Sajeni nthawi yaitali, misozi ikulengeza, chifukwa ng'ombe imeneyo ankaikonda kuposa mmene ankandikondera ine, musaseke. Kenaka anandiitanira pambali n'kulankhula motsitsa mawu.

"NaBanda, nyama yapita, ndavomera. Koma chikopa chimatsukika. Ndinalonjeza pamaso pa mpingo."

Akatekisiti nawo anathirirapo ndemanga mwaulemu, akuti ngati nthenda ilipo ili m'nyama, ndipo chikopa palibe amadya, n'chopereka cha kwa Mulungu, Khirisimasi yayandikira ng'oma palibe. Anthu amene ankanditukwana aja anagwirizana nazo msanga, poti anafuna ndigonje pa chinthu chimodzi chokha. Ndipo kunena zoona, m'maganizo a munthu aliyense pamenepo zinali zomveka. Ndani anamvapo kuti ng'oma yapha munthu? Koma atate anga sanafe ndi nyama. Tsiku lija khosi la ng'ombe anapatsa alongo awo, iwo sanalawe n'komwe. Anafa ndi chikopa chimene anasenza.

Ndinawauza aPhiri zimenezo. Ndinawakumbutsa kuti kukunga ng'oma n'kusenda ndi manja, kusenza paphewa, kupala ubweya, kukoka ndi mano pamene zala zalephera, chifukwa ndinkawaona akuchita. Iwo anati asamala, asamba ndi sopo. Anatulutsa mpeni m'thumba n'kuyamba kuyenda kulowera kuchipata.

Machesi anali kale m'manja mwanga. Ndinawadutsa, n'kuima pakati pa iwo ndi ng'ombe.

"APhiri, Mulungu munamulonjeza chikopa. Simunamulonjeze khosi lanu. Bwererani."

"Pano ndine mkamwini," anatero, anthu onse akumva. "Munda ndi wanu, nyumba ndi yanu, ana ndi anu. Changa chinali chimodzi, mawu amene ndinapereka kutchalitchi. Nawonso mukuwatentha?"

Mawu amenewo anandipweteka, ndipo mpaka lero amandipweteka, chifukwa ananena zoona. Ndinkawavula pagulu, pamaso pa akuchikazi awo. Ndinadziwa kuti ndikakhwatcha machesi, mwina banja latha. Ndinayang'ana khosi lawo, losalala, thukuta likutsika pansi pa khutu. Ndinakhwatcha.

Moto unalilima, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Ambuya anu anabweza mpeni m'thumba, analowa m'nyumba, anatuluka ndi bulangete ndi malaya awo a kutchalitchi, anamanga panjinga, ulendo wa ku Pembamoyo. Sanatsanzike ngakhale mwana.

Tsono musaganize kuti ng'ombe imapsa ngati pepala. Parafini anangowaula ubweya n'kuzima. Pankafunika nkhuni zambiri, ndipo palibe mmodzi yemwe anatola ngakhale kamtengo kundithandiza. Anakhala patali pamithunzi kuonerera, ena akudikira kuti mwina ndilephera, apeze kotsala. Ndinatenga nkhuni zonse za pakhomo, zinatha. Ndinayamba kuzula mitengo ya khola lomwelo, umodziumodzi, khola limene aPhiri anamanga ndi manja awo, n'kumaunjika pamwamba pa Sajeni. Manja anachita matuza, utsi unanditseka m'maso, ndinkalira ndikuzula, ndipo sindikudziwa ngati unali utsi kapena chisoni.

Dzuwa litafika pamutu ndinamva chinthu chikugubuduzika kumbuyo kwanga. Anali amayi anga. Nthawi imeneyo anali atakalamba, oyenda ndi ndodo, ndipo chifikire anthu sanalankhule kanthu, poopa kutsutsana ndi mlongo wawo pagulu. Ankakankha mtondo wawo wakale, umene atate anawasemera atangokwatirana, wa mtengo wolimba. Anaugubuduza mpaka pamoto, n'kundiuza kuti ndiwathandize kuukweza. Ndinati amayi, mtondo wanu. Anati nkhuni zouma kuposa izi m'mudzi muno mulibe. Anabwereranso n'kukazula chitseko cha khitchini yawo. Amalume ataona zimenezo ananyamuka n'kumapita kwawo.

Moto unayaka mpaka tsiku linalo, ine ndi amayi tikusinthana kusonkhezera ndi kuthamangitsa agalu. Zitatha ndinathira madzi pansi kuti pafewe, n'kukumba dzenje lakuya pomwepo, n'kukokeramo mafupa, phulusa ndi dothi lonse limene linamwa magazi. Pamwamba ndinaunjika minga. Ndi paja kuseri kwa nkhokwe pamene pamera chitsamba cha minga, pamene ndimakukalipirani mukamakumba mbewa kapena kumangirira mbuzi. Mumayesa ndi nkhanza za ukalamba. Nthenda imeneyo imagona m'dothi zaka zambiri osafa, ndipo pamenepo sipadzalimidwa ine ndili moyo.

Ndinatumiza mawu ku boma, ndipo patapita masiku mlangizi wa ziweto anabwera pa njinga yamoto. Anali munthu wabwino, wosathamanga polankhula. Anandifunsa zonse, anayang'ana pamene panali khola, n'kunena pamaso pa anthu kuti popeza zonse zapsa, sangathe kupima kuti atsimikize. Anati mwina inali antilakisi, ndilo dzina lake nthendayo kuchipatala, mwina sinali, koma zizindikiro zikufanana, ndipo ndinachita bwino kusalola kuti itumbulidwe. Anabaya katemera ng'ombe zonse za m'mudzi, Bulaki yemwe. Mwa mawu onse amene ananena bamboyo, anthu a kuno anatolapo awiri okha: mwina sinali.

Ndipo taonani mmene zinthu zimakhalira. Palibe ng'ombe ina inafa. Palibe munthu anatuluka chilonda, palibe anasanza magazi, palibe maliro. Ndiye anthu anati mwaona, kunalibe nthenda, mkazi uja anatentha nyama yabwinobwino chifukwa cha kumana. Kukanafa anthu akanati ndinanena zoona. Poti sanafe, ndinakhala wabodza. Ndinkati ndikafika pachitsime, azimayi n'kumanunkhiza m'mwamba, akuti kukununkha parafini kuno. Ana anayamba kuimba dzinalo m'njira. NaBanda anathera pomwepo, kunatsala NaParafini.

Mvula inagwa. Ng'ombe imodzi sikoka pulawo, ndipo amene akanandibwereka inzake anati ndikabwereke kwa parafini. Mwambo uja wothandiza mwini ng'ombe unali wa amene wagawa nyama, ine sindinagawe. Ndinabwerera ku khasu ngati mmene ankalimira amayi, Felisita ali pambuyo panga kubzala. Munda tinaulima theka. Madzulo tinkadya msanga kusanade, poti koloboyi analibe chomwa.

Pa Khirisimasi ng'oma kunalibe, woimba ng'oma kunalibenso. Kwaya inkaomba m'manja, mnyamata wina akumenya chigubu chamadzi, nyimbo zikumveka ngati phala lopanda mchere. Mitu yonse inkatembenukira kwa ine. Mukuganiza ndinakhala kunyumba? Ndinavala chitenje changa chatsopano, ndinakakhala kutsogolo kwenikweni, ndinaimba mokweza kuposa onse, ndipo pa nthawi yopatsana moni wa mtendere ndinapereka dzanja kwa mayi uja anaponya beseni. Analandira ndi nsonga za zala.

Koma ndisakunamizeni kuti mtima unali mwala. Ambuya anu ndinkawasowa. Mphasa inakula, nyumba inazizira, ndikamva belu la njinga panjira mtima unkadumpha. Amalume ananditumizira mawu kuti ndipite ndi ankhoswe ku Pembamoyo ndikagwade, ndikapepese, mwamuna abwerere. Ndinayankha kuti kupita ndingapite, kuwauza kuti ndikuwafuna ndingawauze, koma kupepesa ayi, chifukwa kupepesa n'kunena kuti sindidzachitanso, pamene ine Bulaki akanafa imfa yomweyo ndikanakagula parafini wina. Ankhoswe anati ndi mawu otere palibe chopitira. Ndiye sitinapite.

Anabwera okha nthawi ya dowe, chimanga chitakhwima. Ndinali pakhonde ndikusenda maungu, ndinangoona njinga ikulowa, kumbuyo atamangirira ng'oma yatsopano yaikulu. Kwawoko kunali ukwati, anapha ng'ombe yamoyo, yoyenda ndi miyendo yake mpaka pamtengo, iwo n'kupempha chikopa. Anatsitsa ng'omayo, anaiimika pakhonde, anakhala pampando wawo ngati anangopita kudimba, n'kufunsa ngati pali madzi osamba. Ndinawatenthetsera. Nkhani ya Sajeni sitinaikambe tsiku limenelo, ndipo sitinaikambepo mpaka lero. Mukawafunsa adzakuuzani kuti inali njoka. Taonani, mpini uja asiya kusema.

Masiku ano nthendayi mumaimva pa wayilesi, alangizi amayenda m'midzi kuuza anthu kuti chiweto chofa chokha musasende, musadye, itanani a zaziweto, ndipo kachilonda kakuda mukathamangira nako kuchipatala mankhwala alipo. Amanena ndi zimkuzamawu zimene ine ndinanena ndi chigubu. Tsiku lina ndinamvanso bambo wina pa wayilesi pomwepo akuti kumaiko akutali kuli anthu oipa mtima amene amasunga tizilombo ta nthenda yomweyi kuti aphere anzawo ngati chida cha nkhondo. Ndinagwira pakamwa. Iwo amachita kuvutikira kuti apweteke adani, ife kuno tinkafuna kugawana tokha pachibale m'mabeseni, wina n'kumadandaula kuti wapatsidwa pang'ono. Ndipo musaganize kuti zinatha. Nkhuli sinathe m'midzi muno. Mudzaona nyama yotsika mtengo ikuyenda panjinga madzulo itakutidwa ndi masamba, wogulitsa akuti inathyoka mwendo. Mudzafunse kuti anaiona ndani ikuphedwa.

Mwina inalidi njoka. Ndakhala ndikuganiza zimenezo zaka zonsezi, pogona ndi polima. Sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Njira yodziwira inali imodzi yokha, kuwaleka ambuya anu asende, asenze chikopa paphewa, ana a m'mudzi adye, kenaka tikhale pansi tidikire. Ine kudikira kumeneko ndinakudikirapo kale kamodzi ndili mtsikana, ndipo kunandikwana.

Tsono iwe Misozi, wakuitana dzinalo ndani? Mwana wa aLazalo? Ndinadziwa. Atate ake tsiku lija anali patsogolo penipeni ndi kambale kobooka, mamina ali mbwee, akulirira chiwindi. Akula, akwatira, abereka mwana wa pakamwa pakuthwa woti azikuseka iwe kusukulu. Mawa akakuitananso, uvomere mokweza kuti ee, ndine amene, ndipo umuuze akapereke moni kwa atate ake kuchokera kwa NaParafini.

Basi, longani nsawazo m'thumba, makoko mukataye kudzala. Iwe Misozi tapa zodzaza manja ukawapatse ambuya ako apo, asiye kunamizira kugontha. Ukafika uwayang'ane m'khosi, apa pansi pa khutu, pamene chimagona chikopa munthu akachisenza. Upezapo makwinya okhaokha. Atate anga sanafike pokhala ndi makwinya.